Fodya ndi Khansa ya Chithokomiro: Zimene Ofufuza Anapeza ndi Tanthauzo Lake kwa Anthu a M'boma Lino

Pali mfundo ina yochokera ku kafukufuku wa zaumoyo imene ingasocheretse munthu ngati waimva theka. Mfundoyo ndi yakuti anthu osuta fodya sapezekapezeka ndi khansa ya chithokomiro powayerekeza ndi anthu osasuta. Bambo amene achipatala akhala akumulangiza kuti asiye ndudu akamva zimenezi angaganize kuti wapeza pothawira. Kumbali ina, mayi amene sanasutepo chibadwire, koma ali ndi chotupa pakhosi, angakhale phee kunyumba poganiza kuti khansa ndi nthenda ya osuta okha. Onse awiriwa angataye moyo chifukwa cha kumva nkhani mbali imodzi.

Mfundoyi si mphekesera, ofufuza anaipezadi. Koma tanthauzo lake silakuti fodya ndi mankhwala. Kuti zimenezi zimveke bwino, m'pofunika kuyamba ndi chiwalo chenichenicho.

Chithokomiro ndi ntchito yake

Anthu ambiri akamati munthu ali ndi chithokomiro amatanthauza chotupa chimene chimaoneka kutsogolo kwa khosi. Zoona zake n'zakuti munthu aliyense amabadwa ndi chiwalo chimenechi, ndipo chimene chimaoneka pa odwala ndi kutupa kwake chabe. Chili m'munsi mwa kholingo, chili ndi mbali ziwiri zolumikizana pakati ngati mapiko a gulugufe, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera magalamu 20 kapena kuchepera pang'ono. Chikakhala bwinobwino sichioneka, ndipo mwini wake sachimva.

Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, omwe ndi timadzi toyenda m'magazi tolamulira ziwalo zina. Homoni yaikulu ya chithokomiro imatchedwa thyroxine. Iyo imalamulira liwiro limene thupi limasandutsira chakudya kukhala mphamvu, kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, komanso kukula kwa ubongo wa mwana ali m'mimba ndi m'zaka zake zoyambirira. Kuti chithokomiro chipange homoniyi chimafuna ayodini, amene munthu amamupeza m'chakudya. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 patsiku, pamene mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafuna 250. Ndi mlingo wochepa kwambiri moti maso sangauone, koma ukasowa, chithokomiro chimakula pofuna kukola ayodini aliyense amene angapezeke m'magazi. Kutupa kofala kwa pakhosi kumayamba motero.

Chithokomiro nachonso chili ndi kapitawo wake. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo kamene kamatulutsa homoni yotchedwa TSH. Thyroxine akachepa m'magazi, TSH imachuluka n'kufulumiza chithokomiro kuti chigwire ntchito ndiponso chikule. Thyroxine akakwana, TSH imatsika. Dzina la TSH ndi lofunika kulisunga chifukwa libweranso pa nkhani ya fodya.

Khansa ya chithokomiro

Zotupa zambiri za chithokomiro si khansa. Pa tizotupa 10 timene madokotala amatipima, pafupifupi 9 timapezeka kuti tilibe khansa. Komabe khansa ya chithokomiro ilipo, ndipo ili m'mitundu inayi ikuluikulu. Mtundu wotchedwa papillary ndiwo wofala, umapezeka mwa odwala pafupifupi 80 pa 100 alionse, umakula pang'onopang'ono ndipo umachizika bwino ukapezeka msanga. Mtundu wa follicular ndi wachiwiri, ndipo umaoneka kwambiri m'madera mmene ayodini amasowa. Mtundu wa medullary nthawi zina umayenda m'magazi a pabanja. Wa anaplastic ndi wosowa, umagwira makamaka okalamba, koma umafalikira mwamsanga.

Nthendayi imagwira amayi kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa abambo. Choyambitsa chimene chinatsimikizika kwambiri ndi cheza champhamvu cha nyukiliya chikamugwera munthu ali mwana. Umboni waukulu unachokera ku ngozi ya pa Chernobyl, ku Ukraine, mu 1986. Fumbi lapoizoni linagwera pa msipu, ng'ombe zinadya, ana anamwa mkaka, ndipo patapita zaka zingapo ana zikwizikwi a ku Ukraine, Belarus ndi Russia anapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Zina zokweza chiopsezo ndi kukhala ndi wachibale wapafupi amene anadwalapo nthendayi komanso kunenepa kwambiri.

Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili mumzinda wa Lyon ku France pansi pa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, lili ndi mndandanda wa mitundu ya khansa imene fodya amayambitsa. Khansa ya chithokomiro mulibe mumndandandamo.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 2003 ofufuza anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 14 ochitidwa ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, amene ankayerekeza odwala khansa ya chithokomiro ndi anthu osadwala. Anapeza kuti chiopsezo cha amene ankasuta pa nthawiyo chinali chotsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100.

Mu 2012 gulu lotsogozedwa ndi Cari Kitahara wa ku National Cancer Institute ya ku America linaunika akafukufuku asanu amene anatsatira anthu oposa 700,000 kwa zaka zambiri. Mwa anthuwo, pafupifupi 1,000 anapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Chiopsezo cha osuta chinali chotsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi amene sanasutepo. Pakati pa amene anasiya kusuta, kusiyanaku sikunaoneke kwenikweni. Akafukufuku ena a ku South Korea anapezanso zofanana.

Choncho chithunzicho chabwerezedwa m'maiko osiyanasiyana, ndipo palibe chifukwa chochibisira. Chofunika ndi kumvetsa mtundu wa kafukufuku ameneyu. Ofufuzawo sanatenge anthu n'kuuza ena kuti azisuta, ena asasute, chifukwa kutero kukanakhala kupha anthu dala. Iwo anangowerenga zimene zinachitikira anthu amene anali atasankha kale okha. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, koma payekha satsimikiza kuti china ndicho chikuchititsa chinzake. Osuta ndi osasuta amasiyana m'zinthu zambiri, osati fodya yekha.

Zifukwa zimene akatswiri amapereka

Chifukwa choyamba ndi TSH ija. Magazi a osuta akayezedwa, TSH yawo imapezeka yotsikirapo. Popeza TSH ndiyo imafulumiza chithokomiro kuti chikule, ena amaganiza kuti kutsika kwake kumachepetsa mpata woti kachotupa kakule. Koma kutsika kumeneku sikusonyeza thanzi. Kukusonyeza kuti utsi wasokoneza kayendedwe ka mahomoni m'thupi.

Chifukwa chachiwiri ndi kulemera kwa thupi. Chikonga, chomwe ndi poizoni wa mufodya amene amachititsa chibaba, chimachepetsa chilakolako cha chakudya, motero osuta ambiri amakhala ochepa thupi kuposa anzawo. Popeza kunenepa kwambiri kumakweza chiopsezo cha khansa ya chithokomiro, mbali ina ya kusiyanaku ingachokere pamenepo. Munthu angathe kusunga thupi loyenera podya mosamala ndi kugwira ntchito zolimbitsa thupi, popanda kulowetsa utsi m'mapapo.

Chifukwa chachitatu chikukhudza amayi. Fodya amafooketsa homoni ya chikazi yotchedwa estrogen, imene ikuganiziridwa kuti ili ndi gawo pa kuchuluka kwa nthendayi mwa amayi. Kufooka komweko n'kumene kumachititsa amayi osuta kusiya kusamba msanga, kuvutika kutenga pakati ndi kufewa mafupa akamakalamba.

Chifukwa chachinayi ndi chakuti khansa ya chithokomiro imapezeka kwambiri kumene ikufunafunidwa. Anthu ambiri amakhala ndi kakhansa kakang'ono m'chithokomiro kamene sikawavutitsa mpaka kumwalira ndi zina. Ku South Korea, zipatala zitayamba kuunika makosi a anthu athanzi ndi makina a sikani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chiwerengero cha opezeka ndi nthendayi chinakwera moti mu 2011 chinali kuwirikiza ka 15 kuposa mu 1993, chikhalirecho chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Anthu okonda kukapimitsa thupi lawo kawirikawiri amakhala osasuta. Motero kupezeka ndi nthendayi kochepa pakati pa osuta, mbali ina, kungakhale kusapimidwa chabe.

Pomaliza, khansa ya chithokomiro imatenga zaka kuti ionekere, ndipo osuta ena amamwalira ndi nthenda za mtima kapena za m'mapapo nthawiyo isanakwane.

Kuika zonse pa sikelo

Ngakhale zitatsimikizika kuti utsi umachepetsadi chiopsezo cha khansa imeneyi, funso lingatsale lakuti munthu akulipira chiyani. Ziwerengero za IARC za chaka cha 2022 zikuonetsa kuti padziko lonse anthu pafupifupi 821,000 anapezeka ndi khansa ya chithokomiro, ndipo pafupifupi 48,000 anamwalira nayo. M'chaka chomwecho anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mapapo, ndipo 1.8 miliyoni anamwalira nayo. Yoyambayo ndi imodzi mwa khansa zochizika kwambiri. Yachiwiriyo ndi imene imapha anthu ochuluka kuposa khansa ina iliyonse, ndipo wosuta ali pachiopsezo choidwala kuwirikiza ka 15 mpaka ka 30 kuposa wosasuta.

Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Kupatula mapapo, mndandanda wa IARC uli ndi khansa ya m'kamwa, ya kholingo, ya kummero, ya m'mimba, ya chiwindi, ya m'matumbo, ya impso, ya chikhodzodzo, ya khomo la chiberekero ndi mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Ziwiri mwa izi zikukhudza dziko lino mwapadera. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi ya khomo la chiberekero zili zochuluka kwambiri padziko lonse. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, koma kusuta kumawonjezera mpata woti kachilomboko kasanduke nthenda. Fodya amakwezanso chiopsezo cha chifuwa chachikulu, sitiroko ndi nthenda za mtima.

Bungwe la WHO limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi osasuta amene amapuma utsi wa anzawo. Kafukufuku wotchuka wa Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, amene anayamba mu 1951 n'kutsatira madokotala a ku Britain kwa zaka 50, anapeza kuti osuta moyo wawo wonse amamwalira zaka pafupifupi 10 msanga kuposa osasuta, ndipo pafupifupi theka la iwo limaphedwa ndi fodyayo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kusuta pofuna kuzemba khansa ya chithokomiro n'kusinthanitsa nthenda yosowa ndi yochizika ndi nthenda zambiri zofala ndi zakupha.

Mmene fodya amavulazira chithokomiro chomwecho

Amene amva kuti fodya amateteza chithokomiro amva zosakwanira ngakhale pa chiwalo chomwecho. Mu utsi muli poizoni wa cyanide, amene thupi limamusandutsa thiocyanate. Mankhwalawa amalimbirana khomo ndi ayodini polowa m'chithokomiro, ndipo akachuluka, ayodini amatsalira kunja. N'chifukwa chake kumene ayodini ali wochepa kale m'chakudya, osuta amatupa chithokomiro kuposa osasuta.

Apa nkhaniyi yafika pakhomo. Dziko lino lili kutali ndi nyanja yamchere, ndipo nthaka ya madera ambiri, makamaka a kumapiri, ili ndi ayodini wochepa. Ichi n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 boma linakhazikitsa lamulo loti mchere wogulitsidwa ukhale wothira ayodini. Kuwonjezera apo, chinangwa chowawa chimene sichinaviikidwe mokwanira chimatulutsanso cyanide amene amasanduka thiocyanate yemweyo. Ofufuza anaona zimenezi m'madera ena a ku Democratic Republic of Congo, kumene kusowa kwa ayodini pamodzi ndi chinangwa chosakonzedwa bwino kunachulukitsa kutupa kwa chithokomiro. Kondowole wokonzedwa mwadongosolo, chinangwa chake chitasendedwa, kuviikidwa masiku angapo ndi kuumitsidwa bwino, alibe vuto limeneli. Koma banja limene mchere wake ulibe ayodini, chinangwa chake chikuvuulidwa msanga chifukwa cha njala, ndipo m'nyumba mukufuka utsi wa fodya, likupanikiza chithokomiro kuchokera mbali zitatu.

Mayi woyamwitsa amene amasuta amapatsira vutoli kwa khanda. Kafukufuku wa ku Denmark anapeza kuti mkaka wa m'mawere wa amayi osuta unali ndi pafupifupi theka la ayodini wopezeka mwa amayi osasuta. Khanda lilibe kwina kopeza ayodini, ndipo miyezi imeneyo ndiyo ubongo wake ukukula mofulumira. Mwana wosowa ayodini amadzavutika kugwira maphunziro m'kalasi.

Palinso nthenda ya Graves, imene inatenga dzina la dokotala wa ku Ireland, Robert Graves, yemwe anaifotokoza mu 1835. Pa nthendayi chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa n'kufulumiza chithokomiro mopitirira muyeso. Wodwala amaonda ngakhale akudya kwambiri, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, amatuluka thukuta ndipo sagona bwino. Osuta ali pachiopsezo choidwala kuwirikiza pafupifupi kawiri. Choopsa kwambiri n'chakuti mwa osuta nthendayi imakonda kugwira maso: amatong'oka, amafiira, munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo nthawi zina maso amawonongekeratu. Mankhwala a vuto la masoli sagwira bwino mwa munthu amene akupitiriza kusuta, motero madokotala amaika kusiya fodya patsogolo pa chithandizo china chilichonse.

Chingambwe, fodya wofwenkha ndi alimi a fodya

Akafukufuku amene atchulidwa pamwambawa anachitika pakati pa osuta ndudu za kufakitale ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo ambiri mwa anthuwo anali ndi ayodini wokwanira m'chakudya. Zotsatira zake sizikunena za chingambwe chokulungidwa m'pepala kapena m'khoko la chimanga, kapena fodya wa m'kaliwo, kapena wofwenkha ndi woika kunsi kwa mlomo amene amayi ena achikulire amakonda. Mitundu yonseyi ili ndi chikonga. Chingambwe si chabwinoko chifukwa chochokera m'munda, pakuti poizoni ambiri amabadwa tsamba likamapsa. Fodya woika m'kamwa nayenso amayambitsa khansa ya m'kamwa ndi ya kummero.

Mabanja ambiri amadalira fodya wa bale, ndipo ndalama zochokera ku misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu zaphunzitsa ana ndi kufolera nyumba ndi malata. Kulima fodya ndi kusuta ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mlimi sakakamizidwa kulawa mbewu yake. Komabe ayenera kudziwa kuti tsamba laliwisi likanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, n'kuyambitsa chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza. Kuvala zotchinga manja ndi thupi, kudikira kuti mame aume, kusintha zovala zonyowa ndi kusamba ndi sopo kumachepetsa vutoli. Ana sayenera kugwira ntchito m'munda wa fodya kapena m'chigafa. Mu 2023 dziko la Malawi linavomereza pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya, lomwe mwa zina limafuna kuti anthu atetezedwe ku utsi m'malo opezeka anthu ambiri, ndiponso kuti alimi athandizidwe kupeza mbewu zina zodalirika.

Zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala

Popeza khansa ya chithokomiro siyamba ndi fodya, kusasuta si chifukwa chonyalanyazira chotupa. Munthu aliyense, wosuta kapena wosasuta, apite kuchipatala akaona chotupa kutsogolo kwa khosi, makamaka ngati n'cholimba, chikukula msanga kapena chili mbali imodzi. Apitenso mawu akasasa kwa milungu itatu popanda chimfine, akamavutika kumeza kapena kupuma, ndiponso anabere a m'khosi akatupa osaphwa. Khansa imeneyi nthawi zambiri sipweteka poyamba, ndipo kusapwetekako n'kumene kumachedwetsa anthu. Chotupa chimene munthu wakhala nacho zaka zambiri chikasintha mwadzidzidzi, chikufunika kuonedwanso. Chotupa cha pakhosi pa mwana kapena pa bambo chisachedwetsedwe n'komwe.

Njira imayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, chimene chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma, ndipo ngati kuli kofunika, ku chimodzi mwa zipatala zazikulu za Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba kapena Mzuzu. Dokotala amakhudza khosi n'kupempha wodwala kuti ameze mate, chifukwa chotupa cha chithokomiro chimakwera ndi kutsika pomeza. Kenaka angayeze magazi, kuunika ndi sikani, kapena kutenga timinofu pang'ono ndi singano yopyapyala kuti tikapimidwe. Khansa ikapezeka, chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yochotsa mbali ya chithokomiro kapena chonse. Wochotsedwa chithokomiro chonse amamwa kapiritsi ka thyroxine tsiku lililonse moyo wake wonse, ndipo amalima, kubereka ndi kuchita malonda ngati wina aliyense.

Kutema mphini pa chotupa kapena kuchithowa ndi zitsamba sikuchichotsa. Kumangodya miyezi imene opaleshoni ikanakhala yosavuta, ndipo mabala a mphini angalowetse matenda ena.

Kwa amene akufuna kusiya

Thupi limayamba kudzikonza mwamsanga. Malinga ndi WHO, pakatha mphindi 20 munthu atazimitsa ndudu yomaliza, kugunda kwa mtima kumatsika. Pakatha maola 12, mpweya woipa wa carbon monoxide m'magazi umabwerera pa mlingo woyenera. Pakatha chaka, chiopsezo cha nthenda ya mtima chimatsika ndi theka, ndipo pakatha zaka 10, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakhala pafupifupi theka la cha wosuta. Kafukufuku wa madokotala a ku Britain uja anaonetsa kuti wosiya ali ndi zaka 30 amabweza pafupifupi zaka 10 zonse zimene akanataya, wosiya ali ndi zaka 40 amabweza 9, wa zaka 50 amabweza 6, ndipo ngakhale wa zaka 60 amabweza 3.

Chibaba chimavuta kwambiri m'masiku oyambirira, kenaka chimazilala m'milungu ingapo. Zimathandiza kusankha tsiku lenileni losiyira, kuuza a pabanja, kuchotsa fodya yense m'nyumba, ndi kupewa kaye malo amene amakumbutsa kusuta, monga pa mowa. Wobwerera ku fodya asataye mtima, pakuti ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo.

Pali mfundo imodzi yokhudza chithokomiro imene wosiya ayenera kuidziwa. M'zaka ziwiri zoyambirira, anthu ena ochepa amapezeka kuti chithokomiro chawo chayamba kugwira ntchito mofooka. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, kumva kuzizira, kunenepa mopitirira ndi kuuma khungu. Vutoli limadziwika poyeza magazi ndipo limathandizika ndi mapiritsi. Si chifukwa chobwererera ku ndudu, koma chifukwa chokaonana ndi achipatala.

Gawo la makomiti ndi atsogoleri a m'madera

Thanzi la anthu ndi mbali ya chitukuko mofanana ndi milatho ndi mijigo. Banja limene mutu wake wagona ndi khansa ya kummero limagulitsa mbuzi, limasiya munda wosapalira ndipo limachotsa mwana kusukulu. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, mafumu, makhansala ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ali ndi mpata wopereka mphindi zochepa kwa alangizi a zaumoyo pamisonkhano yawo kuti afotokoze za zotupa za pakhosi ndi za fodya. Angathe kugwirizana kuti pasukulu, pasikelo ya ana, m'minibasi ndi pamisonkhano pasamasutidwe, ndiponso kuti eni magolosale asagulitse ndudu kwa ana ngakhale atatumidwa ndi akuluakulu. Tsiku la 31 May, limene dziko lonse limakumbukira kuipa kwa fodya chaka ndi chaka, ndi nthawi yabwino yoyambira zokambirana zotere.

Pakhomo paliponse pali zochita zosafuna bajeti ya khonsolo. Pogula mchere, banja lisankhe wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, liusunge m'chotengera chovindikira pamalo ouma, ndipo liuthire pang'ono chabe, popeza mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Chinangwa chowawa chiviikidwe masiku okwanira. Wosuta amene sanakonzeke kusiya asasutire m'nyumba kapena pafupi ndi mayi woyembekezera ndi ana. Ndipo amene ali ndi chotupa pakhosi, kaya chakhala zaka zingati, atenge buku lake la kuchipatala n'kukaonetsa kwa achipatala sabata ino.